Bokosi limene azakhali sanasankhe

"Iwe, mtima wa munthu umayezedwa ndi tepi yanji?"

Anandifunsa choncho azakhali anga, atelala, mapini awiri ali pamilomo. Ndinali nditangomaliza sukulu n'kupeza kaganyu kofunsa anthu mafunso. Akatswiri atatu a kuyunivesite, wina wa zandale, wina wa zamaganizo, wachitatu wa filosofi, ankafufuza chimene chikudanitsa anthu a zipani zosiyana. Anandipatsa baji ndi mapepala, ndipo ndinkayenda ngati mafunsowo ndinalemba ndine.

Azakhaliwa ndiwo analera bambo anga. Makolo awo atamwalira, azakhaliwo anasiya sukulu ali ndi zaka khumi ndi zisanu n'kukhala pa makina osokera. Yunifolomu iliyonse ya bambo inadutsa pansi pa singano yawo. Mpaka lero amasokera m'kachipinda komweko, kuseri kwa shopu ya nsapato, ndipo wodzayezetsa amamuuza mosapsatira: "Yakula ndi mimba, musanamizire nsalu." Koma chichitikire chisankho chapitachi, iwo ndi bambo sanalankhulanepo.

Ndinawawerengera funso lachisanu ndi chiwiri: pakati pa 1 ndi 5, mumadana nawo bwanji a chipani chinacho?

Anaimitsa makina. "Sindidana nawo ine. Tsiku lija titawina ndinavala malaya a chipani n'kukavina pakhomo panu. Bambo ako ndinamutcha chitsiru, iwe ndi ang'ono ako mukumva. Mwana amene ndinkamusambitsa ndi manja angawa! Ndikamuona pamsewu ndimalowa m'shopu ya eni, n'kumagwiragwira zinthu zimene sindikuzifuna. Lemba zimenezo."

Panalibe polemba. Panali timabokosi tisanu basi, ndipo anali atatiuza kuti pepala losadzaza n'lotayika. Ndinati mumtima, munthu wothawa mlongo wake pamsewu si chidani chimenecho? Nditatuluka ndinachonga 5.

Zikanathera pomwepo bola. Pa chakudya kunyumba palibe anandifunsa za ntchito yanga, ndiye ndinadziyambira ndekha. "Ngakhale azakhali ndawafunsa. Asankha 5, chidani chenicheni."

Bambo anasiya kudya. "Anena okha?"

"Eya."

Anadzuka, osamaliza.

Lachisanu tinakapereka mapepala. Katswiri wa filosofi uja tinkamutcha a Kodi, chifukwa mawu ake ambiri ankayamba ndi kodi. Ankakonda kutola pepala limodzi n'kufunsa zimene munthuyo ananena asanatchule nambala. Anatola la azakhali. Pofuna kuti andione kuti ndimamvetsera, ndinabwereza mawu onse, osaphonya ndi limodzi.

"Kodi pamenepa chidani chili pati?"

"Mwayambatu, a Kodi," anatero wa zandale akuseka. "Tikamafukula liwu lililonse, lipoti tidzalemba tikuyendera ndodo."

"Ndodo ndikubwerekani," anayankha a Kodi. "Wodana nawe amafuna uchoke. Wamanyazi amafuna kubwera, koma miyendo imakana. Tikawaunjika m'bokosi limodzi, tidzauza anthu kuti akudwala matenda amene alibe." Kenako anatembenukira kwa ine, mofatsa. "Kodi 5 ameneyu ananena ndani?"

Ndinayang'ana zingwe za nsapato zanga. Baji ija inkangolemera pakhosi.

Anakangana kwa ola lathunthu, mpaka anagwirizana zowonjezera mzere wolembapo mawu a munthu mwini. Wa zamaganizo anandithokoza pamaso pa onse, ati ndili ndi khutu labwino. Ndinali ndikulakalaka kuyamikiridwa koteroko kuyambira tsiku loyamba, koma nditakumva ndinafuna kulowa pansi pa tebulo. Pepala analikonza pomwepo ndi labala. Bambo anali akuyendabe ndi 5 wanga mumtima, akudziwa kuti mlongo wawo amene anawalera amadana nawo kotheratu.

Potuluka sindinakwere basi yakwathu. Ndinaganiza zoyamba kwa azakhali, ndikawauze zimene ndinachonga ndi zimene ndinakanena kunyumba, andikalipire mmene angafunire. Akandilola, mawu awo aja ndikawanena kwa bambo monga anatulukira pakamwa pawo. Akakana, ndikangonena anga: kuti nambala ija sinali yawo, inali yanga.