Mwana wa Aneba

Bulangete lija lilipobe. Ndi lotuwa, la mizere iwiri yofiira kumapeto, ndipo pakona pena lili ndi bowo lopsa ndi khala la pambaula. Linatha kalekale, moti ukaliyanika padzuwa umaona kuseri. Ana anga amati ndimupatse galu azigonapo. Ine ndimangolipinda n'kulibwezera pansi pa sutikesi. Sindinawauzepo chifukwa chake, poti nkhani yake imandichititsa manyazi mpaka lero.

Linali la amalume, mlongo wawo wa amayi. Tinkakhala nawo nyumba imodzi kukomboni ya pa esiteti ya tiyi, kufupi ndi Luchenza. Bambo anga anapita ku Joni ndili wakhanda, n'kupitiratu. Amayi ankathyola tiyi. Amalume nawonso ankathyola nthawi ya mvula, koma nyengo yawo yeniyeni inali yozizira, pamene tiyi amasiya kuphuka ndipo amuna amalowa m'munda ndi mipeni yokhota kukadulira. Anthu ankati mzere umene adutsa amalume umasalala ngati tebulo. Ndiwo anandigulira yunifolomu yanga yoyamba. M'mawa wa chiperoni, nkhungu itaphimba minda yonse, ankandifunditsa bulangete limeneli, kundinyamula paphewa n'kundiwolotsa kamtsinje ka panjira ya kusukulu. Akanditsitsa tsidya linalo ankabwerera nalo kunyumba litanyowa.

Chaka chimene ndinali Sitandade 5, nyengo yodulira inafika koma mpeni wa amalume unangokhala chisomekere kudenga. Zinayamba ndi chifuwa chosamva mankhwala. Kenako anawonda, mpaka lamba wawo anamuboola kawiri ndi msomali. Milomo inafiira, tsitsi linasanduka lofewa ngati la khanda. Masiku amenewo matendawa sitinkawatchula dzina. Anthu ankangoti "ndi omwewa," n'kuyang'ana kumbali. Anzanga osewera nawo anasiya kupempha madzi akumwa kwathu, ndipo ine ndinaziona.

Ndinene zoona, ndinali kamtsikana kodzimva. M'kalasi nambala wani inali yanga, ndipo ndinkayenda ngati ndinabadwa nayo. Aphunzitsi athu anali bambo ochokera ku Balaka, ovala jekete ndi nsapato zowala ngakhale m'matope a ku Thyolo. Ankandituma ine kukatenga choko ku ofesi, ndipo kawirikawiri ankauza kalasi kuti "uyu adzapita patali." Mawu amenewo ndinkagona nawo ndi kudzuka nawo. Tsiku lina anatiuza za sitima za kumayiko ena, zokhala ndi mabedi, zimene munthu amagona mu mzinda wina n'kudzuka mu mzinda wina. Ndiye amayi atanena kuti tikatsekera sukulu tikwera sitima kuperekeza amalume kumudzi kufupi ndi Nayuchi, ulendo wa masiku awiri, ndinalengeza kwa anzanga onse kuti ndikagona pabedi m'sitima. Za amalume sindinatchule n'komwe.

Kutatsala tsiku limodzi, amalume anaitana bambo wina amene ankadulira naye limodzi n'kumupatsa mpeni uja. Jombo zawo anapatsa munthu wina. Ine ndinangoti amalume ndi opatsa, ngati kale. Amayi anati akupita kumudzi kuti akapume, mphepo ya ku Thyolo ikuwawonjezera chifuwa, ndipo ndinakhulupirira.

Pasiteshoni ya Luchenza amayi anandikokera pambali. Mantha awo anali amodzi, akuti kondakitala akaona kuti munthuyo sakutha kukhala tsonga, atitsitsa panjira, ndipo amalume sakafika kwawo. "Iwe ukhale pambali pawo, mufunde limodzi," anatero. "Thupi lako ndi lotentha. Akamapendekeka uziwachirikiza ndi phewa, anthu aziona ngati agona." Ntchito yanga pa ulendo wonsewo inali imeneyo basi.

Sitima inabwera masana, itadzaza kale ndi anthu a kumunsi. Mabedi ake ndinawafunafuna ndi maso, osawaona. Munali mabenchi olimba, madengu a nthochi za ku Thekerani, mitolo ya nzimbe, nsomba zouma, nkhuku zomangidwa miyendo, ndi anthu ena atagona pansi pa mabenchi mitu itatsamira matumba a ufa. Zenera lathu linalibe galasi. Mphepo inkalowa ndi utsi wa injini, n'kumaluma makutu. Tsiku loyambalo ntchito yanga ndinaigwira bwino. Ndinakhala m'bulangete ndi amalume, fupa la phewa lawo likundibaya m'khutu, fungo la mankhwala opaka pachifuwa lili tho. Minda ya tiyi ikudutsa pazenera, iwo ankaloza ndi chibwano mizere yodulidwa mokhota n'kumaseka chapansipansi kuti amene wadula apa anali ndi njala. Tinafika ku Limbe kukuda, ndipo tinagona pasiteshoni pomwepo, pa makatoni, kudikira sitima ya mawa lake.

M'mawa wa ku Limbe kunazizira mwa mtundu wina. Chiperoni chinali chikuwaza, ndipo aliyense akayankhula pakamwa pankatuluka nthunzi. Tinawakweza amalume m'sitima yopita ku Balaka, n'kukhala monga dzulo lake. Amayi anatsika kukawagulira phala kwa azimayi a panja. Apo m'pamene ndinaona nsapato zowala zija zikubwera pakati pa madengu. Anali aphunzitsi, atanyamula kachikwama ndi nyuzipepala, akupita kwawo kutchuthi.

Sindinaganize n'komwe. Ndinangozindikira ndatuluka m'bulangete, ndaimirira, ndikuwongola diresi. Aphunzitsi anasangalala kundiona. Anakhala pabenchi yoyang'anizana ndi yathu, n'kuyang'ana munthu wowonda uja amene mutu wake unali utasowa potsamira.

"Awa ndi bambo ako?" anafunsa.

"Ayi," ndinatero. "Ndi aneba a kukomboni. Tangokumana nawo pasiteshoni."

Mawuwo anatuluka mosavuta, ngati ndikuyankha funso la masamu. Ndinkayesa amalume ali m'tulo. Koma anatsegula maso. Anandiyang'ana pang'ono chabe, kenako anatembenukira kwa aphunzitsi. "Eya, aphunzitsi, ndi mwana wa aneba ameneyu," anatero ndi mawu osasa. "Wanzeru kwambiri. Muzimuyang'anira."

Ndakhala ndikudzifunsa zaka zonsezi kuti chinandigwira n'chiyani. Sanali mantha a matenda, poti ndinali nditagona nawo bulangete limodzi usiku wathunthu. Chinali chakuti munthu amene ankati ndidzapita patali asaone kumene ndikuchokera. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo anthu amati mwana ndi mwana. Ine mawu amenewo sandithandiza. Ndinkadziwa bwinobwino amene ankandiwolotsa kamtsinje kaja.

Popeza ndinali nditanena kale kuti ndi aneba, sindikanabwereranso m'bulangete. Ndinakhala pambali pa aphunzitsi, manja ndili nawo m'khwapa, mano akugundana. Amayi atabwera ndi kapu ya phala anandiyang'ana, n'kuyang'ana malo amene ndinasiya. Pamaso pa aphunzitsi sakanandikalipira. Anawapatsa moni mwaulemu, n'kukhala mbali ya kuzenera kuti atchinge mphepo, n'kuyamba kuwamwetsa amalume ndi sipuni. Mbali yanga ija inatsala yopanda munthu.

Titadutsa Blantyre njanji inayamba kukhotakhota potsetsereka. Pakona ina bogi la sitima limene tinakwera linagwedezeka mwamphamvu, ndipo amalume anapendekekera kumene kunayenera kukhala phewa langa. Anagwa chammbali pakati pa mabenchi. Mutu unagunda dengu la nthochi, phala linatayikira pa chitenje cha amayi, bulangete linavundukuka n'kuonetsa miyendo yawo, yowonda ngati nzimbe zija. Anayamba kutsokomola osalekeza. Ndikukumbukira mapazi a anthu akubwerera m'mbuyo, ndi mayi wina akuphimba mwana wake kumaso ndi nsalu. Ine ndinangokhala pomwepo, osasuntha.

Kondakitala anafika. Sanali munthu woipa, ndikuganiza kuti anali atatopa ndi kuona zoterezi. Anati wodwala chonchi malo ake ndi kuchipatala, ndipo pasiteshoni yotsatira titsike naye. Amayi anagwada m'phala lomwelo. Anayamba kuchonderera m'Chichewa, mawu atawathera anapitiriza m'Chilomwe, ngati kuti munthuyo amva. Ankangobwereza kuti akungofuna akafike kwawo.

Aphunzitsi anapinda nyuzipepala yawo n'kuimirira. Anawadzutsa amalume powagwira m'khwapa, kuwakhazika pabenchi, kuvula jekete ija n'kuwaveka. Kenako anakhala pamalo anga aja, anakoka bulangete n'kufunda nawo limodzi, mutu wa amalume n'kuutsamiritsa paphewa lawo. "Ali ndi ine awa," anauza kondakitala. "Akavuta mundifunse ine." Kondakitala anayang'ana taye ya aphunzitsi, n'kupitirira.

Amayi anapukuta chitenje, n'kuwomba m'manja chapansipansi. "Zikomo, aphunzitsi. Ndi mlongo wanga ameneyu. Mwana wanu wa sukuluyu wamulera ndi iyeyu."

Aphunzitsi anandiyang'ana kamodzi kokha. Sanakwinye nkhope, sanapukuse mutu. Bola akanandimenya. Ndinayang'ana pansi, pa nsapato zawo, ndipo pa imodzi panali phala. Aphunzitsi anakhala choncho maola onse mpaka ku Balaka, amalume akugona ndi kudzuka paphewa pawo, nthawi zina akukambirana za kadulidwe ka tiyi. Teremu yotsatira anapitiriza kundituma choko ngati kale, ndipo nkhaniyi sanaitchulepo mpaka ndinachoka pasukulupo. Koma ine ndinasiya kukweza mkono m'kalasi kwa nthawi yaitali.

Atatsika aphunzitsi ndinafuna kubwerera pamalo anga. Koma tinali titafika kuchigwa, dzuwa likuswa mtengo, ndipo amayi anali atapinda kale bulangete n'kuwatsamiritsa amalume pamiyendo pawo. Anthu ambiri anali atatsika, malo analipo okwanira kugona. Kutentha kwa thupi langa panalibenso amene ankakufuna. Amayi sanandiyankhule mpaka ku Nayuchi, ndipo iwo ankangodziwa zoti ndinachoka m'bulangete. Za mawu aja amalume sanawauze.

Kumudzi anatichingamira ndi njinga. Ndinadabwa kuti munthu wabwera patatha zaka zambiri koma panalibe nthungululu kapena nkhuku yothamangitsidwa. Azimayi anangokhala pakhonde, kumalowa mmodzimmodzi kukawaona n'kutuluka ali chete. Tinakhalako masiku atatu, chifukwa amayi akanachedwa nyumba ya kukomboni akanapatsidwa ena. Masiku onsewo ndinkazungulira kutali ndi mphasa ya amalume, kudikira mpata woti ndiwapeze okha. Mpatawo unapezeka kangapo, ndipo ulendo uliwonse ndinkapeza kanthu kena kochita.

Tsiku lonyamuka amalume anali atagona pamphasa pansi pa mtengo wa mango, akuwothera dzuwa la m'mawa. Anandikodola.

"Mwana wa aneba, tabwera kuno."

Ankamwetulira. Ine ndinakwiya nawo mumtima kuti akundinyogodola pamaso pa anthu, ngakhale panalibe amene anamva tanthauzo lake. Ndinagwada patali pang'ono. Anakankhira bulangete lija kwa ine, litapindidwa bwino.

"Tenga. Kuno n'kotentha, mphepo ili kwanu ku Thyolo. Uziwoloka wekha tsopano kamtsinje kaja, wakula."

"Mudzalitenga mukadzabwera kudzadulira," ndinatero.

"Eya," anatero. "Undisungire."

Lero ndikudziwa chimene amayi ankathamangira. Munthu wamoyo, ngakhale atatsala mafupa okhaokha, amakwera sitima pakati pa nthochi ndi nkhuku n'kukafika kwawo. Maliro sakwera sitima, ndipo wothyola tiyi galimoto akanaitenga kuti? Amalume anamwalira masabata atatu asanathe, tiyi amene anadulira anzawo asanayambe n'kuphuka komwe.

Koma pobwerera paja ine zonsezi sindinkazidziwa. Sitima itayamba kukwera mapiri mphepo inabweranso, ndipo ndinadzikulunga m'bulangete muja, likununkhabe mankhwala a pachifuwa. Njira yonse ndinkakonza mawu oti ndidzawauze. Ndinaganiza kuti ndidzawachingamira ndekha pasiteshoni ya Luchenza, ndidzawanyamulira chikwama, ndipo tikadzafika pakamtsinje paja, popanda wina womva, ndidzapepesa. Ndinawabwereza mawuwo mpaka ndinawaloweza ngati ndakatulo ya kusukulu, ndipo mtima unakhala pansi. Chimene chinkandisokoneza chinali amayi okha. Anali atatembenukira kuzenera lopanda galasi, misozi ikuuluzika ndi mphepo, ndipo ine sindinkamvetsa chimene akulirira, poti amalume tinali titangowaperekeza kuti akapume.