A Banjulu ndi Mlendo Wawo

Kwa Zulu ku Mchinji mukafunsa za a Vitus Mbewe anthu amayamba aganiza kaye, koma mukangoti "a Banjulu" ngakhale kamwana kakulozerani nyumba. Dzinalo analitola ndi pakamwa pawo. Mukati lero kwatentha, iwo, "Kutentha kumeneku? Ku Banjul ndiye mukanafa." Mukati usipa wadula, "Ku Banjul tinsomba ngati timeneti timaponyera amphaka." Abale inu, anthu anatopa nawo.

Ntchito yawo inali ya ukhukhi. Anayamba ali mnyamata pa esiteti ina ya fodya cha kumalire a Zambia, kukwecha mapoto, mpaka dzanja linazolowera zophika za azungu. Ukwati ndi Enifa anadalitsira kutchalitchi cha ku Guilleme, n'kukakhala chikamwini kwawo kwa mkaziyo, ndipo kunabadwa ana awiri, Anasi ndi Kefasi. Mu 1995, matipate angoyamba kumene, bwana wawo anapeza ntchito yogula mtedza ku Gambia, n'kunena kuti sangadye za khukhi wina. Basi a Vitus anakwera ndege, mudzi wonse uli kukamwa yasa.

Gambia, monga ankafotokozera iwo, ndi kadziko kowonda ngati lamba, kongotsatira mtsinje umodzi mpaka kukathera m'nyanja yamchere. Likulu lake, Banjul, lili pakachilumba pomwe mtsinjewo umathirira, ndipo munthu wa miyendo yabwino angathe kulizungulira dzuwa lisanafike paliwombo. Phiri kulibe. Malata amachita dzimbiri ndi mphepo yokha. Nyanja imathawa n'kusiya matope, kenaka n'kubwerera ngati yaiwala kanthu. Zonsezi ankanena, ndipo zinali zoona.

Chimene sankanena ndi ichi. Ntchito ya bwana ija siinakhalitse. Bwanayo ananyamuka kupita kwawo ku Ulaya, akuti akakafika atumiza tikiti, ndipo tikitiyo mpaka lero ikubwerabe. A Vitus anatsala pakhonde pa nyumba yokhoma, sutikesi pambali, m'dziko lomwe munalibe ngakhale mmodzi wodziwa kuti "muli bwanji" n'chiyani. Amene anawatola ndi Mayi Binta, mayi wamasiye wachisilamu yemwe ankawagulitsa nsomba kumsika. Anawapatsa kachipinda pakhomo pake, ndipo khukhi wa azungu uja anayamba kusenza mabeseni ndi kupala mamba.

Pakhomo pa Mayi Binta panali lamulo limodzi. Nthawi ya nkhomaliro beseni lalikulu la mpunga wothira nsinjiro ndi nsomba linkaikidwa pansi pabwalo, ndipo aliyense, mwana, walendi, wongodutsa, ankanjuta n'kupisamo dzanja. Ngakhale utakhuta chotani, unkatapako kamodzi. Kumupatsa munthu mbale yakeyake n'kumusiya m'nyumba, pakhomopo ankachitira munthu amene sakumufuna. Tsiku loyamba a Vitus anakhala phee m'kachipinda kawo monga mlendo wolelwa bwino, kudikira mbale. Anabwera Ebrima, mwana wa Mayi Binta, n'kuwakoka dzanja. "Amalume, mwatikwiyira chiyani?" Kuyambira pamenepo anadya m'beseni limenelo zaka zinayi, mayiyo akuwakankhira mnofu wa nsomba mbali yawo.

Munthu wodyetsedwa amasowa poika nkhope. A Vitus ankabweza ndi lilime. Kwathu ku Mchinji, ankatero, mtedza wa chalimbana njere yake ndi chala chachikulu ichi, nkhokwe ndili nazo zitatu, tsiku lomwe mudzapondeko mudzadya mpaka kumasula lamba. Mayi Binta ankangoseka.

Anabwerera kumudzi mu 2000, wansembe wina wa kumeneko atawamvera chisoni n'kuwapezera ulendo. Anabwera ndi sutikesi yomwe ija, mkanjo umodzi woyera, ndi nkhani. Za mabeseni ndi mamba anauza Enifa yekha. Kwa ena onse, ku Banjul anali bwana.

Kenaka inagwa njala ya 2002, ija sitifuna n'kuikumbuka komwe. Pofika Febuluwale nkhokwe zinali mbee. Anthu ankadya madeya, ena mizu ya nthochi. Kwa a Vitus mbuzi zinapita, wailesi inapita, mkanjo uja unapita. Inangotsala nkhuku imodzi yathadzi, yomwe Enifa anakanitsitsa kugulitsa chifukwa dzira lake ankasinthitsa ndi kapu ya madeya, ana n'kumwa phala. Za ku Banjul zinaleka kumveka.

Tsiku lina masana njinga ya kabaza inaima pakhomo, n'kutsika mwamuna wamtali, wandevu, kachipewa koyera kumutu.

"Amalume!"

A Vitus anadzambatuka. Anali Ebrima. Tsopano ankachita malonda a miyala yamtengo wapatali ku Chipata, ndipo anadutsa malire n'kufunsira kuyambira pa Boma mpaka kuwapeza. Anakumbatirana, akulankhula Chingelezi chawo chakale chija, misozi ili chuchuchu.

"Amayi anandiuza kuti ndisabwerere ndisanakuoneni," anatero Ebrima. "Akuti ndikadye pakhomo panu, ndikawauze ngati mtedza uja ulidi ngati chala."

A Vitus anaseka, koma kuseka kwawo kunali kwa mano okha. Anamulowetsa mlendo m'nyumba msangamsanga, n'kuzembera kukhitchini komwe kunali Enifa.

"Gwira nkhuku ija."

"Bambo a Anasi, nkhuku yake iti?"

"Tili ndi zingati?"

"Ndiye mawa ana amwa chiyani? Muuzeni munthuyo zoona. Si mwana wa mayi anakudyetsani uja? Angakusekeni?"

"Mkazi iwe, ndadya kwawo zaka zinayi. Achoke pano osaona mbale?"

Enifa anadzuka n'kukaigwira. Nkhuku anazinga Ebrima mwini, poti Msilamu sadya yozinga munthu wachipembedzo china, ndipo a Vitus anaonetsetsa kuti zachitikira kumaso kwa nyumba. Ana anali atawabisa kuseri kwa khitchini. Tsitsi lawo linali litafiira, timiyendo ngati bango, ndipo bambo wawo sanafune kuti maso a ku Banjul aone zimenezo. Enifa anavula chitenje chake chabwino n'kukasinthitsa ndi kambale ka ufa. Unakwana mitanda iwiri basi.

Mitanda iwiri, anthu asanu. A Vitus anadziwa kuti akangoitana ana aja, mlendo aona mmene mwana wanjala amalandirira chakudya, ndipo nkhokwe zitatu zija zigwa pompo. Apa mwambo wathu unawapulumutsa, kapena tinene kuti unawapereka. Enifa anagwada, kusambitsa mlendo m'manja, kuika mbale, n'kutuluka. A Vitus nawo anaimirira.

"Amalume, mukupita kuti? Nanga ana ali kuti?"

"Ife tadya kale. Kuno mlendo amadya yekha, ndiwo ulemu wake."

Sananame, ndi mmene timachitiradi. Koma iwo, iwo okha m'mudzi monsemo, ankadziwa mmene mawuwo akumvekera m'makutu mwa mwana wa Mayi Binta. Anakoka chitseko n'kuima pakhonde. M'nyumba munali zii. Ebrima anaitananso, "Amalume, bwerani mungotapako kamodzi." A Vitus anayankha kuti akuthamangitsa mbuzi za eni m'munda. Mbuzi zake ziti, chaka chimenecho?

Patapita kanthawi chitseko chinatseguka. Ebrima anali atanyema kamodzi kokha, nkhuku osaikhudza. Anathokoza Enifa mwaulemu, n'kunena kuti afunika kudutsa malire kusanade.

A Vitus anamuperekeza. Njira inkadutsa m'minda, ndipo amene amaidziwa Febuluwale akudziwa chipongwe chake: chimanga chili biriwiri, chotalika kuposa munthu, ngaiyaye zitatuluka, koma chodya palibe. Ebrima ankayang'ana uku ndi uku.

"Munkanena zoona," anatero. "Dziko lanu ndi lolemera."

A Vitus anangoti, "Eya."

Anayenda mpaka pamsewu. Pamenepo Ebrima anatembenuka, maso ali ofiira.

"Amalume, ndifunseko. Kwathu tinakutsekeranipo m'chipinda ndi mbale? Kapena pali chimene tinakulakwirani, munangosunga mumtima? Mkazi wanu ndamuona, koma ana anu simunafune n'komwe kuti andigwire dzanja. Kodi n'chifukwa ndine Msilamu? Ndiuzeni, chifukwa amayi akandifunsa."

A Vitus yankho anali nalo. Akanangoti, mwana wanga, tili ndi njala, ana anga ndikuchita nawo manyazi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Koma m'maganizo anaona Mayi Binta atakhala pabwalo paja akumva kuti Vitus wa nkhokwe zitatu ana ake akudya madeya, ndipo lilime lomwe linatopetsa mudzi wonse lija linauma gwa. Minibasi inatulukira, kondakitala akukuwa za ku Boma.

"Ukawauze kuti tili bwino," anatero a Vitus.

Ebrima anagwedeza mutu, n'kukwera. Sanacheuke, ndipo sanabwerenso.

Pobwerera a Vitus anazungulira njira yakudambo kuti asakumane ndi munthu. Anapeza ana atanyambita mbale mpaka kuwala, akuswa mafupa ndi mano. Enifa anali atakhala pakhonde, chitenje chakale chong'ambika m'chiuno.

"Mwamuuza?"

"Ayi."

"Ndiye wapita akuganiza kuti tamusala?"

A Vitus anakakhala kumapeto kwa khonde.

Enifa sanakweze mawu. "Bambo a Anasi, nanga nkhuku yanga yafera chiyani?"