Galimoto Imene Tinaifukula ku Hout Bay

Ndinaganiza zopita ku Joni chaka chimene denga la nyumba yathu yaudzu linadontha mpaka tinkagona chokhala. Ndinali mkamwini kwawo kwa mkazi wanga Asiyatu, kufupi ndi Ntaja, ndipo mwana wathu Shakira anali asanayambe kukwawa. Apongozi sananene kanthu, koma mkamwini amamva ndi zimene sizinanenedwe zomwe. Ndinamuuza Asiyatu kuti ndikakhala zaka ziwiri basi, ndikangopeza za malata ndibwerako. Iye anangoti, "Musakatchonetu." Ndinaseka. Ndinkaona ngati kutchona ndi matenda a anthu ena.

Ku Cape Town ndinafikira ku mudzi wa zisakasa wotchedwa Imizamo Yethu, m'chisakasa chimene tinkagonamo amuna okhaokha, wina mutu uku wina miyendo uko, aliyense khutu lili kunja kuopa moto. Ndinagwira maganyu amitundumitundu mpaka ndinapeza ntchito yosamalira maluwa kwa mzungu wina wokalamba ku Hout Bay. Aliyense ankangowatchula kuti a Oupa, ndiko kuti agogo. Akazi awo anali atamwalira, ndipo m'nyumba yonse ija ankakhalamo okha ndi wailesi.

Zaka ziwiri zija zinabala zinzake. Malata anagulidwa, njerwa zinaotchedwa, nyumba inaima pamalo a apongozi. Ndinkatumiza katundu pa malole a anyamata opita kumudzi: mipando, matilesi, mbale, makatani. Koma ndinaika lamulo limodzi. Kwathu nyumba yatsopano mwamuna ndi mkazi amailowa limodzi, wina sayamba kugonamo yekha. Choncho ndinati katundu azingolowa, pachitseko pakhale loko, tidzatsegule ine nditafika. Asiyatu ndi mwana anapitiriza kugona m'kanyumba kaudzu kaja.

Pafoni ankandifunsa kuti, "Bambo a Shakira, mubwera liti?" Ndinkati ikatha Ramadani ikubwerayi. Ikadutsa ndinkati inayo. Kenako anasiya kufunsa, ine n'kumati ndinakwatira mkazi womvetsa zinthu. Kusungulumwa kunalipo, sindibisa, koma manyazi obwerera ndi zochepa ankaposa kusungulumwako. Amalume anga, amene anali ankhoswe a ukwati wathu, anandichenjezapo kuti akuchikazi ayamba kunena zoti banja lithe. Ndinawayankha kuti banja la munthu amene wamanga ya malata silingathe.

Chaka china cha chilala, pamene anthu mu Cape Town ankasambira m'beseni kuti madziwo akathirirenso maluwa, kapinga wa a Oupa anauma yense kupatula pamalo amodzi, m'munsi mwa nyumba, patsinde pa khoma lopanda chitseko kapena zenera. Pamenepo pankabiriwira ngati kudambo. A Oupa ankanyadira, amvekere nthaka ya pamenepo ndi yodalitsika.

Tsiku lina m'mawa anandipatsa hamala yaikulu. "Yusufu, gumula khomali. Mwana wanga akubwera."

Ndinali nditawagwirira ntchito zaka zambiri osadziwa kuti ali ndi mwana. Anandifotokozera kuti nthawi ya tsankho, pamene anyamata achizungu ankawatenga mokakamiza kupita ku usilikali, mwanayo anathawira kutsidya kwa nyanja. Anasiya galimoto imene iye ndi bambo akewo ankaikonda ngati munthu. A Oupa anailowetsa m'chipinda chapansi chokumbidwa m'phiri, anaipaka polishi, anaifunditsa lona, n'kutseka khomo ndi njerwa kuti mbala, dzuwa ndi mphepo yamchere ya kunyanja zisaikhudze. Inakhala m'menemo zaka zoposa makumi atatu, kudikira mwini wake.

Nditangochotsa njerwa zam'munsi, madzi akuda anakhuthuka n'kundinyowetsa mpaka m'mawondo. Fungo lake linali la chitsime chofera khoswe. Titalowa ndi tochi, achule anabalalika. Lona uja anangothera m'manja. Denga la galimoto linali likadali lonyezimira, lobiriwira bwino, moti munthu akanatha kudziyang'anirapo nkhope. Koma kuyambira pamawindo kutsika m'munsi linali dzimbiri lokhalokha, ndi mizere yosonyeza pamene madzi ankalekeza chaka ndi chaka. Matayala anali atamira m'matope. Mipando yachikopa inali itachita nkhungu yoyera, ndipo injini inali chibuma chimodzi chofiira. Nditakoka chitseko cha galimotoyo chinazuka chonse, pansi pake n'kuyoyokera m'madzi.

A Oupa anaima m'madzimo ndi nsapato zawo zomwe. "Ndinatseka pamwamba, ndinatseka m'mbali," anatero. "Sindinaganizeko zoti madzi angachokere pansi."

Mwana uja anafika ali bambo waimvi kale. Anasuzumira m'chipindamo, n'kuwagwira bambo ake paphewa. "Adadi, mwakhala mukusunga chimenechi? Ine ndinkayesa munagulitsa kalekale." Sanakwiye, sanadandaule, anangofunsa ngati pali anthu ogula zitsulo zakutha pafupi. Kusadandaulako ndi kumene kunawapweteka a Oupa, ndipo ine kunandiopsa. Ndinakumbukira mawu a Asiyatu pafoni masiku amenewo, aulemu, osafunsa chilichonse. Mwezi womwewo ndinatsanzika.

Ndinafika kumudzi masana, zikwama zili pa njinga za kabaza. Nyumba yanga ndinaionera patali, malata akuwala. Mtsikana wamtali anabwera kudzandilandira chikwama, n'kugwada kundipatsa moni monga achitira kwa mlendo aliyense. Anali Shakira. Asiyatu anatuluka, anandilonjera, anafunsa za ulendo. Kenako anamasula mfundo yapansonga ya chitenje chake.

"Nayu kiyi wanu. Palibe chimene chakhudzidwa."

Zinalidi zoona. Matilesi anali m'pulasitiki wake, mbale zili m'makatoni, makatani osafunyulula. Chiswe sichinalowe, denga silinadonthe. Ndinathokoza Mulungu mumtima kuti za a Oupa zandizemba. Ndinatembenuka ndikumwetulira kuti ndimuitane mkazi wanga tilowe, koma iye anali ataima kunja kwa khonde, manja ali kumbuyo.

"Ankhoswe abwera mawa," anatero.

M'mawa mwake tinakhala pansi pa mtengo wa mango, amalume anga mbali iyi, amalume ake a Asiyatu mbali inayo. Ndinalankhula zambiri. Ndinanena za kuzizira kwa ku Cape Town, za moto wa m'zisakasa, za thukuta limene linagula lata lililonse. Anthu anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Asiyatu analankhula kamodzi kokha, ndipo sanakweze mawu.

"Chaka chimene mvula inagwetsa khoma la kanyumba kathu, ine ndi mwana tinakagona m'khitchini mwa amayi, pamodzi ndi nkhuku. Nyumba youma ili apo, kiyi ali pachitenje panga. Ndinakuimbirani foni, bambo a Shakira. Munati mwambo sulola, tidikire. Ine ndinadikiradi, koma ndinkangodikira kuti ndikupatseni kiyi wanu m'manja."

Foni imeneyo ndinaikumbukira. Ndinali ndikudulira maluwa, ndipo nditaidula ndinapitiriza kudulira.

Panalibe mwamuna wina. Ndinkalakalaka akanakhalapo, bwenzi nditapeza womukwiyira. Panalibenso amene anandinyoza. Apongozi anandiphikira nkhuku, azilamu anga anandifunsa za ku Joni, ndipo ndinaona kuti mudziwo unali utaphunzira kale kukhala popanda ine. Ankhoswe anagamula monga mwa mwambo womwe ndinkaulemekezawo: nyumba ili pamalo a kuchikazi, ndi ya mwana ndi mayi ake, mkamwini atenge zovala zake abwerere kwawo.

Ndikumangirira chikwama panjinga ya amalume, ndinamva Shakira akufunsa motsitsa mawu kumbuyo kwanga.

"Amayi, ndiye lero tigonamo?"

"Katenge tsache," anatero Asiyatu.