Foni Yosunga Sabata

Nditangofika ku Lusaka kudzaphunzitsa masamu pa sukulu ina ya ku Woodlands, ndinalibe nambala ya foni ya ku Zambia. Tsono potsegula akaunti ya boma ya pa intaneti, imene ife alendo timapempherapo chilolezo chogwirira ntchito, ndinalemba nambala ya mayi amene ndinkachita lendi kuseri kwa nyumba yawo ku Chelstone. Tonse mumpandamo tinkawaitana kuti ba Mami. Anali a mpingo wa Sabata, opuma ntchito ya boma, magalasi ali lende pachingwe m'khosi. Pambuyo pake ndinagula nambala yangayanga, za akauntiyo n'kuiwaliratu.

Chilolezo changa chinkatha Loweruka lina. Kalata ya kusukulu yoti ndiphatikize pa pempho latsopano inatuluka Lachisanu madzulo, ndipo ahedi anandiuza mosapsatira kuti tsikulo likadutsa ndisanapemphe, choko ndisadzachigwirenso. Ndinaganiza za basi ya ku Chipata, ndi za azakhali anga a ku Mchinji amene anali atalengeza kale m'mudzi monse kuti mwana wawo ali kunja.

Loweruka m'mawa ndinatsegula laputopu. Dzina, pasiwedi, zonse bwinobwino. Kenako inati yatumiza nambala yachinsinsi ku foni yanga. Foni yanga ili zii. Ndinaigwedeza, ndinaikweza pawindo, ndinaitukwana pang'ono. Apo m'pamene ndinakumbukira kumene uthengawo wapita.

Ndinapeza ba Mami akumanga duku.

"Ba Mami, mundithandizeko foni yanu pang'ono."

"Ba Ticha, lelo ni Sabata. Foni ili kupumula."

Inalidi kupumula. Ankaizimitsa Lachisanu dzuwa likamalowa, n'kuiika m'tipoti ya m'kabati ya magalasi, tipoti yoti sinaonepo tiyi chigulireni. Ndinachonderera, ndinagwada ndi bondo limodzi, koma ayi ndithu.

"Zuba ikangena tizayasha. Manje pakuti mulibe vochita, nyamulani mapoto aya, tiyende ku chechi."

Ndiye kuti foniyo iyaka dzuwa likalowa. Ndinanyamula mapotowo. Ndinkati ndikaonetsa khalidwe, mwina masana mtima wawo ufewa. Kutchalitchiko anandiimiritsa pakati pa anthu, ba Mami n'kulengeza kuti uyu ndi mwana wawo wa ku Malawi, ali ndi mavuto a mapepala. Mpingo wonse unapempherera mapepala anga. Mkulu wina anandifunsa ngati ndili pabanja, mayi wina anandikhazika pafupi ndi mwana wake wamkazi pa nthawi ya chakudya, ndipo masana ndinapezeka ndikuimba besi m'kwaya ya abambo, nyimbo yoti sindinaimvepo.

Mtima wanga wonse unali kumwamba, koma osati momwe iwo ankaganizira. Ndinkangotuluka kukaona pamene dzuwa lafika. Nditatuluka kangapo, mayi wina wachifundo ananditsatira n'kundipatsa mankhwala a m'mimba, akundinong'oneza kuti ndisachite manyazi. Ndinamwa. Dzuwa la ku Lusaka tsiku limenelo linali ngati minibasi ya ku Chelstone yodikira kuti idzaze.

Titabwerera kunyumba tinakhala pakhonde, ine laputopu pamiyendo. Magetsi a dera lathu ankazima madzulo sabata imeneyo, ndipo batire yanga inali yongoyembekezera maliro. Dzuwa litabisala kuseri kwa thanki ya madzi ya aneba ndinadzuka, koma ba Mami anati thanki si kumadzulo. Tinaimba nyimbo yotsekera Sabata, ndime zonse, osadumpha ngakhale imodzi.

Kenako tipoti inatsegulidwa. Ndinapempha nambala ina, foni n'kulira. Ba Mami anavala magalasi, anawerenga pang'onopang'ono, nkhope n'kusintha.

"Iyayi, ba Ticha. Boma yalemba apa ati osapasa munthu aliyense nambala iyi."

"Koma ndi yanga, ba Mami! Ndine ndaitanitsa!"

"Nasebenza mu boma mpaka sisi ya kumutu yayela, sininaululepo chisinsi. Niyambile pali imwe?"

Tikukangana choncho, nthawi ya nambalayo inatha. Kunena zoona ndinapsa mtima koopsa. Ndinali nditanyamula mapoto, nditaimba besi, nditamwa mankhwala a matenda oti ndilibe! Koma mkwiyowo sunakhalitse, unasanduka mantha, ndipo misozi inalengeza. Ndinawauza modekha kuti basi, Lolemba ndilongedza, chipinda chawo apezere munthu wina.

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Itanisani inangu. Leteni chikompyuta chanu kuno. Imwe yang'anani ku chipupa."

Ndinayang'ana kukhoma, mwamuna wamkulu, mphunzitsi wa masamu, manambala anga akubisidwa kwa ine mwini. Kumbuyo ndinkangomva chala chimodzi chikugogoda, kupuma, kugogodanso. Nditasuzumira pang'ono ndinaona ataphimba laputopu ndi chitenje. Akaunti inatseguka. Ndinatumiza pempholo, ndipo magetsi anazima ndisanamalize kunena zikomo.

Anzanga a kuntchito anandiuza kuti kusintha nambala pa akauntiyo n'kosavuta. Ndinkangoti ndisintha, ndisintha. Ndiye uthenga woti chilolezo chatuluka sunabwere kwa ine. Tsiku limenelo ndikutsika minibasi, ndinamva nthungululu kuchokera kumpanda kwathu, ndipo ndinapeza ba Mami ali pageti, foni m'mwamba, aneba atawazungulira.

"Iyi sibanalembe kuti ni chisinsi!" anakuwa motero. "Ba Ticha sibayenda! Mwana wanga sayenda!"

Nambalayo sindinaisinthe mpaka lero.