Achemwali atatuluka kundende

Achemwali anga anakhala kundende zaka zitatu, ndipo sindinanenepo kuti anawanamizira. Anaphula phala pambaula, kukamuthira mayi amene ankayenda ndi amuna awo, masanasana anthu a mu Zingwangwa akuona. Mayiyo mpaka lero ali ndi chipsera kuyambira pakhosi mpaka paphewa. Mlandu anapalamula, chilango analandira. Chimene chimandiwawa ine ndi zimene tinawachita atatuluka.

Kundendeko anaphunzira kusoka. Loweruka lililonse ndinkakwera minibasi ndi kontena ya mpunga kukawaona. Anaonda, mano awiri anaguluka, koma akayamba kufotokoza kadulidwe ka kolala ankaiwala n'kudya komwe. Amayi a kumpingo kwathu nawonso ankapitako kamodzi pamwezi, atavala zoyera, atanyamula sopo ndi shuga. Ankaimba, ankalira, ankawakumbatira achemwali n'kumati, "Mulungu wakukhululukirani, mayi." Potuluka ankajambulitsa pageti.

Atamasulidwa anabwera kudzakhala kwa ine, chifukwa alamu anali atalowetsa kale mkazi wina m'nyumba, ana n'kuwakaniza. Amalume anatipatsa makina akale opalasa ndi phazi, tinawaika pakhonde. Mwezi unatha osabwera munthu, ngakhale wodzaikitsa zipi. Anthu ankadutsa ndi nsalu zawo kukasoketsa kumsika, ena akunong'onezana kuti, "Ndi aja a phala aja."

Kenako tinamva kuti amayi a kumpingo akufuna mabulauzi atsopano a kumsonkhano. Achemwali anasoka imodzi yachitsanzo, kuisita bwinobwino, tinapita nayo kwa amayi apampando. Anatilandirira panja, mpando osatipatsa. Anaitembenuza bulauziyo, kukoka msoko, kuyang'ana mabatani.

"Ntchito ndiye mumaitha," anatero. "Koma amayi sangamasuke. Pajatu poyeza mumafika pakhosi."

Achemwali anangoyang'ana pansi. Ine magazi anawira.

"Amayi, nanga kundende kuja munkawakumbatira bwanji?"

"Kuja kunali asilikali, mwanangu."

Ananena akumwetulira, ngati akundiphunzitsa zanzeru. Ndinalanda bulauzi ija m'manja mwawo, ndipo zimene ndinayankhula pamenepo sindingazilembe. Panjira achemwali anandikalipira ineyo. "Iwe, ukalusa chonchi anena kuti n'zakumtundu."

Lamulungu lotsatira ndinaona alamu atavala jekete, akulozera anthu pokhala m'tchalitchi. Iwo aja amene ankagona kunja sabata yathunthu, kusiya ana opanda ndiwo, palibe anawafunsa kanthu. Achemwali anakhala benchi yakumbuyo, ndipo mayi amene anali pambali pawo anasuntha mwana wake, kumuika mbali inayo. Ndinaona ndi maso angawa. Kuyambira tsiku limenelo sindinapondemo. Amayi a kumpingo aja akamayenda m'makomo kutolera sopo wa akaidi ndimawauza kuti apitirire. Amakonda mkaidi akakhala kuseri kwa waya, poti akatero amapeza womuimbira. Woweruza anati zaka zitatu. Ife a m'dera tinaonjezera zathu zopanda tsiku lotulukira. Nanga boma linawaphunzitsiranji kusoka, ngati wowasoketsa palibe?

Achemwali anapirira miyezi isanu ndi itatu. Tsiku lina m'mawa anamasula makina aja, kuwakulunga m'chitenje, n'kukwera basi ya ku Mulanje. Anakapeza khonde la sitolo kufupi ndi malire, kumene palibe owadziwa. Ana awo amawaona mwa apo ndi apo, alamu akafuna.

Chaka chatha ndinapita kukawaona. Ndinapeza pakhondepo pali mulu wa mayunifolomu a sukulu, amayi atatu akudikira pabenchi. Mmodzi, akuyezedwa, anafunsa kuti, "Koma inu luso limeneli munaliphunzira kuti?"

"Kwa amwenye ku Limbe," achemwali anayankha msanga, tepi ili m'manja, n'kundiyang'ana.

Ine ndinangoyamba kupinda mayunifolomu.