Kalata Imene Inachotsa Dalaivala Wathu Ntchito

Kalatayo ndinalemba ndine, ndipo kope lake la kaboni ndikali nalo mpaka lelo.

Anali masiku a chipani chimodzi, ine ndili kalaliki wamkulu pa ofesi ina ku Nyimba. Tinali ndi galimoto imodzi yakale ndi dalaivala mmodzi, bambo wa ku Msanzala wa ana asanu, wosalankhulalankhula.

Galimotoyo inali ndi nthenda yake. Tsiku lina ukangopotoza kiyi inali kulila bwinobwino. Tsiku lina zii, ngakhale kanyali kofiila osayaka. Ndinatsegula faelo. Ikakana ndinali kulemba tsiku, malo ndi kumene tinali kupita. Tinasintha batile, tinapala mitu yake, sitata inamasulidwa kawili. Nthenda osatha.

Kiyi wa galimoto ndinali kumusunga pa waya umodzi ndi makiyi onse a ofesi, a sitolo, a makabati ndi a maloko a madilamu, kuti wina asayende nayo ine osadziwa. Paulendo dalaivala anali kulowetsa kiyi mtolo wonsewo ukulendewela, ine ndili pambali pake. Koma makiyi a ofesi sasiyidwa ku galaja. Katatu konse pamene tinapeleka galimotoyo ku galaja ku Petauke, ndinasolola kiyi mmodzi yekhayo n'kupatsa makaniko. Iye akapotoza, pompo injini kulila.

"Iyi ilibe mlandu, bwana," anatelo makaniko akuseka. "Mwina iwopa msewu wa ku Luembe monga woiyendetsa."

Nthabwala imeneyo ine ndinaitenga ngati umboni. Faelo yanga inaonetsadi kuti galimoto inali kukana kwambili pa maulendo a ku Luembe, kumene msewu unali miyala ndi maenje okhaokha. Ndinamuitana dalaivala.

"Bambo, mumagwila chiyani pansi pa chiwongolelo?"

"Palibe, bwana. Inenso yandizunguza mutu."

"Nanga bwanji ku Petauke imalila?"

"Kaya. Kapena kumeneko ili ndi chibwenzi."

Yankholo ndinalilemba kuti mwano. Ndinataipa kalata ya masamba awili yopita kwa akuluakulu, n'kunena kuti munthuyu amaononga dala galimoto pothawa maulendo ovuta. Pasanathe masabata awili, akuluakulu anayankha kuti achoke.

Tinalandila dalaivala wina, wamtali miyendo. Pa ulendo wachitatu wa ku Luembe galimoto inakana titaima pa sukulu ina. Makiyi anali kumugunda pa bondo, ndiye anawanyamula m'dzanja, n'kupotozanso. Inalila. Anazimitsa, anawasiya alendewele, anapotoza: zii. Tinabweleza kasanu, ine ndikuwelenga. Kulemela kwa makiyi anga, akugwedezeka m'maenje chaka ndi chaka, kunali kutadya m'kati mwa swichi yolowetsamo kiyi.

Ndinalemba makalata atatu ofotokoza kuti wolakwa ndine, kuti dalaivala woyamba uja abwezedwe pa ntchito. Makope onse alipo, ndi malisiti a ku positi. Anthu omwe aja amene anathamangila kuchotsa munthu pa mawu anga okha, osamufunsa ngakhale funso limodzi, sanayankhe ngakhale kalata imodzi. Nditapita ndekha, anandiuza kuti faelo inatsekedwa. Inatsekedwa! Ngati kuti m'mimba mwa ana ake namonso munatsekedwa.

Itatha mvula ndinakwela basi mpaka ku Petauke, n'kubweleka njinga kupita ku Msanzala. Ndinamupeza m'munda akukumba nsawa ndi akazi ake. Anandilonjela mwaulemu, n'kunditembenuzila dengu kuti ndikhalepo. Ndinafotokoza zonse, za swichi, za makiyi, za makalata.

Anamvetsela atatsamila khasu.

"Kuti si ine, bwana, ndinali kudziwa kale," anatelo. "Nanga ntchito, mwabwela nayo?"

"Ayi, bambo."

"Basi muyende bwino, dzuwa lingakutentheni. Amake mwana, apatseniko nsawa abwana, abwela kutali."

Ndinayesa kukana, koma amaiwo anali atamanga kale m'kansalu. Pamene ndinali kukankha njinga kutuluka m'mundamo, iye anali atayamba mzele wina.