Chala chimene chinawola tikuchiza mwanabele

Ndikukumbukira chaka chomwe ndinaponda munga wa mlamba m'munda wathu wa mpunga, kufupi ndi Chilwa. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Mungawo unathyokera m'chala chachikulu cha phazi lakumanzere, amayi anamangapo kansanza, nkhani n'kuthera pomwepo. Pasanapite nthawi ndinatupa mwanabele m'mphechepeche, moti kuyenda kunali kotsimphina.

Masiku amenewo zipani zinali zitangochuluka, ndipo pamsika wa Jenala aliyense wonyamula chimkuzamawu ankamveka wanzeru. Panali bambo wina wogulitsa mankhwala azitsamba amene ankalalikira kuti m'thupi muli timisewu ta madzi tomwe timatsekeka ndi nyansi, ndipo botolo lake limatsuka zonse. Ababa anabwera nalo kunyumba akumwetulira.

Mankhwalawo anali obiriwira, olenda ngati therere logona, fungo lake ngati madzi ovikamo chinangwa. Ndikangomwa ndinkasanza mpaka ndulu. Chimene chimandinyansa mpaka lero si mankhwalawo ayi, koma beseni lomwe ndinkasanziramo. Ababa ankalitengera pabwalo, kutakasa masanzi anga ndi kamtengo, n'kuitana anansi kuti adzaone.

"Mwaona? Zoipa zija zikutuluka. Mawa timuwonjezera kapu ina."

Ndikawauza kuti chala chikundiluma, ankati chala n'chaching'ono, matenda ali pamwamba pomwe patupa.

Tsiku lina kunabwera azakhali, alongo awo a ababa, kuchokera ku Michesi. Atangokhala pamkeka pafupi nane anagwira mphuno.

"Achimwene, mwafera khoswe m'nyumba muno?"

Ananunkhiza uku ndi uku mpaka anafika paphazi langa. Kansanza kaja kanali katamatirira, anachita kukanyowetsa ndi madzi kuti kachoke. Chala chinali chitada bii, mafinya akuchucha, timphutsi tikuyendayenda m'mbali mwa chikhadabo. Amayi anathamangira kuseri kwa nyumba kukalavula. Ababa anangoti kukamwa yasa, botolo lili m'manja.

Azakhali anandikweza panjinga mpaka kuchipatala. Dokotala anati mwanabele analibe mlandu, ankangolimbana ndi zoipa zochokera pachilondacho. Chala anachidula, ndipo mwanabele anaphwa yekha osamwera kanthu.

Zitsamba sindidana nazo, chimfine chikandigwira ndimafukiza masamba a bulugamu. Koma ndinadziwa kuti munthu akakhulupirira botolo, amatha kuyang'anitsitsa masanzi a mwana wake tsiku ndi tsiku, osamasula kansanza ka paphazi. Ababa anamwalira ali okalamba, ndipo sindinawaonepo akuyang'ana phazi langa lakumanzere.